Akuyamwa Kapena Sakuyamwa? Makina Ozindikira Mawu a Munthu ndi Chichewa Chathu

Tiyeni tiyambe ndi mawu awiri awa: akuyamwa ndi sakuyamwa. Tikawalemba papepala timaona kuti akusiyana ndi lembo limodzi lokha. Tikawatchula, kusiyana kwake ndi kamphepo kochepa kodutsa pakati pa lilime ndi nkhama, ndipo kamphepoko kamatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Koma kwa namwino amene akufunsa pafoni za khanda lodwala, kamphepo kameneko ndi kamene kamamuuza ngati alangize mayi kudikira kuti kuche kapena kuthamangira kuchipatala usiku womwewo. Chimodzimodzinso akudya ndi sakudya, akupuma ndi sakupuma, ali bwino ndi sali bwino.

Masiku ano mawu athu ambiri safika m'khutu la mnzathu mwachindunji. Amayamba adutsa m'makina monga foni, wailesi ya m'manja kapena chojambulira mawu. M'kati mwa makina ambiri oterewa muli mlonda wamng'ono amene amaweruza funso limodzi kambirimbiri pasekondi iliyonse: kodi pakadali pano pali munthu amene akuyankhula, kapena ndi phokoso chabe? Akaganiza kuti ndi munthu amatsekula chipata, mawu n'kudutsa. Akaganiza kuti ndi phokoso amatseka. Pa Chingerezi ntchitoyi amaitchula kuti voice activity detection. M'chimangirizo chino ndikufuna kuonetsa kuti funso la mlondayu, ngakhale limaoneka ngati la akatswiri a zamagetsi okha, ndi funso la chiyankhulo, ndipo ife ophunzira ziyankhulo tili ndi gawo lathu poliyankha. Zitsanzo zanga ndizitenga m'boma la Mulanje.

Mmene mlondayu amagwirira ntchito

M'zipangizo zotsika mtengo, mlonda wathuyu amakhala m'kachipangizo kotchedwa microcontroller. Kameneka ndi kakompyuta kathunthu koma kakang'ono, kokwanira pachala. Kamodzi kodziwika kwambiri kwa ophunzira zaumisiri ndi kamene kali pabolodi ya Arduino Uno, yochokera ku ntchito imene idayambira ku Ivrea m'dziko la Italy mu 2005. Maikolofoni imasandutsa kunjenjemera kwa mpweya kukhala mphamvu ya magetsi yokwera ndi kutsika. Kachipangizoka kamayeza mphamvuyo, mwachitsanzo maulendo 8,000 pasekondi monga imachitira lamya, ndipo muyeso uliwonse kamausandutsa nambala. Pa Arduino Uno nambalazi zimayambira pa 0 kulekeza pa 1,023.

Kakatero, kamadula sekondi imodzi m'tizigawo 50, kagawo kalikonse kokhala ndi nambala 160, n'kuwerengetsa kukula kwa mphamvu ya kagawoko. Mmisiri amakhala atakapatsiratu mlingo. Mphamvu ikaposa mlingowo kamati munthu akuyankhula, ikachepa kamati kuli zii. Njirayi ndi yosavuta ndipo siidya batire, n'chifukwa chake amisiri ambiri amayambira pamenepa. Vuto lake ndi lakuti imangomva kukula kwa phokoso. Liwu la a pa mawu oti akudya ndi lamphamvu chifukwa limatuluka pakamwa pali yasa. Liwu la s pa mawu oti sakudya ndi lofooka kwambiri. Choncho mlonda wodalira mphamvu yokha akhoza kudzuka mochedwa, s atadutsa kale, n'kutsekulira akudya.

Palinso muyeso wachiwiri wothandiza. Kachipangizoka kamatha kuwerenga maulendo amene mphamvu ya magetsi ija yadumpha mzere wapakati, kuchoka pamwamba kupita pansi kapena kuchoka pansi kupita pamwamba. Malembo a liwu monga a, o ndi u amadumpha mzerewu mosapupuluma, pamene s ndi f amaudumpha mofulumira zedi. Potero, ngakhale s ndi wofooka, kufulumira kwake kumamuulula. Tidzaona kutsogoloku kuti muyeso umenewu umasokonekera mvula ya ku Mulanje ikayamba kugwa padenga la malata.

Kumene nzeruyi idachokera

Nzeru yozindikira mawu idabadwa pofuna kusunga ndalama. Mu 1956 kudatsekulidwa nthambo yoyamba ya lamya yodutsa pansi pa nyanja ya Atlantic, kuchokera ku Scotland kukafika ku Newfoundland m'dziko la Canada, ndipo inkanyamula makambirano 36 okha nthawi imodzi. Akatswiri a ku Bell Laboratories adaona kuti anthu awiri akamacheza palamya, aliyense amayankhula nthawi yosafika theka. Nthawi inayo amamvetsera kapena kupuma. Choncho mu 1960 adaikapo makina obwereketsa njira ya munthu amene wakhala chete kwa wina amene akuyankhula, ndipo chiwerengero cha makambirano chidatsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Kuyambira nthawi imeneyo akatswiri akhala akudziwa kuti makina otere akachedwa kutsekula njira amadula chiyambi cha mawu.

Mu 1975, akatswiri awiri a pamalo omwewo, Lawrence Rabiner ndi Marvin Sambur, adafalitsa njira yopezera poyambira ndi pothera mawu pophatikiza miyeso iwiri ndafotokoza ija. Iwo eni adachenjeza kuti maliwu ofooka monga f ndi h kumayambiriro, komanso maliwu a m'mphuno kumapeto, ndi amene amavuta kuwagwira. Mawu amene adayesera njira yawo adali a Chingerezi. Mafoni a m'manja a mtundu wa GSM, amene adafika m'dziko muno kudzera ku TNM yomwe idakhazikitsidwa mu 1995 ndi Celtel yomwe idayamba mu 1999 ndipo lero ndi Airtel, nawonso ali ndi mlonda wotere. Munthu akasiya kuyankhula, foni imatha kusiya kutumiza mawu kuti isunge batire, ndipo foni ya wolandira imadzipangira kaphokoso kabodza kuti iye asaganize kuti lamya yaduka. Ambiri mwa ife takhala tikumva kaphokoso kameneka kwa zaka zambiri osadziwa kuti si ka kunyumba kwa mnzathuyo.

Chifukwa chiyani Chichewa chili pachiopsezo

Pa Chingerezi, munthu akafuna kukana amaika mawu okanira pakati pa chiganizo, pambuyo pa mwininkhani ndi mneni wothandizira. Makina akadula chiyambi cha chiganizo chotero, kawirikawiri chimene chimatayika ndi mlowam'malo wa dzina, ndipo womvetsera amamubwezeretsa yekha m'mutu. Pa Chichewa zinthu ndi zosiyana. Mphatikiram'mbuyo wokanira, si-, amakhala patsogolo penipeni pa mneni, ndipo akakumana ndi mgwirizanitsi woyamba ndi lembo la liwu amafupika n'kutsala s yekha: si- ndi a- amapanga sa-, pamene si- ndi u- amapanga su-. Katundu yense wa kukana amasenzedwa ndi liwu limodzi lofooka, loikidwa pamalo pamene makina amakonda kudula. Chotsalacho sichimveka ngati mawu oduka ayi. Chimamveka ngati chiganizo chabwinobwino, chotanthauza zotsutsana ndi zimene mwiniwake wanena.

Wina anganene kuti mayi amati mwana sakuyamwa, choncho chodulidwa ndi dzina loti mwana. Izi n'zoona pamene mayiyo ndiye wayambitsa nkhani. Koma Chichewa chimalola kusiya dzina la mwininkhani, makamaka poyankha funso. Namwino akafunsa kuti, "Mwanayo akuyamwa, mayi?" yankho lachibadwa ndi liwu limodzi loti, "Sakuyamwa." Yankholi limabwera pambuyo pa kachete, nthawi imene chipata chimakhala chotseka. Kuonjezera apo, lamya ya masiku onse imanyamula maliwu onjenjemera pakati pa maulendo 300 ndi 3,400 pasekondi, pamene mphamvu yambiri ya s ili pamwamba pa maulendo 4,000. Ndiye kuti s amafika pachipata atafooketsedwa kale.

Kumapeto kwa mawu nakonso kuli katundu. Kusiyana kwa apita ndi apite, kapena amwa ndi amwe, kuli pa lembo la liwu lomaliza, limene ambiri timalitchula motsitsa mpweya ukamatha. Kusiyana kwa chiganizo choti wafika ndi funso loti wafika? kuli pa kamvekedwe ka maphatikizo omaliza. Mlonda wofulumira kutseka chipata amameza zonsezi. Anzathu oyankhula Chitumbuka vuto lawo lalikulu lili kumapeto komweku, chifukwa iwo mawu okanira, chara kapena yayi, amawaika pambuyo pa mneni, monga pa nkhukhumba chara. Dziko limodzi lomweli lili ndi chiyankhulo chokanira kutsogolo ndi china chokanira kumbuyo. Mmisiri amene sadauzidwe zimenezi sangadziwe mbali yoti aiteteze.

Mulanje ngati bwalo loyeserapo makina

Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti m'boma la Mulanje munali anthu oposa 680,000, ndiponso kuti m'dziko lonse pafupifupi anthu atatu mwa khumi aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo sankatha kulemba ndi kuwerenga. Kwa anthu ameneŵa uthenga wolemba suthandiza. Foni ndi chida cha pakamwa ndi khutu. N'chifukwa chake ntchito zothandiza anthu akumudzi zimadalira mawu. Chitsanzo ndi Chipatala Cha Pa Foni, chimene bungwe la VillageReach lidayambitsa ku Balaka mu 2011 mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, kenaka n'kufalikira m'maboma onse. Sindikuchitchula pochidzudzula, koma poonetsa kuti uphungu wokhudza moyo wa khanda udayamba kale kuyenda pamawu odutsa m'makina. Pamene makina oyankha okha akuchulukira padziko lapansi, tiyembekezere kuti tsiku lina mayi wa kwa Mabuka kapena kwa Njema adzayankhidwa ndi makina asanafike kwa munthu.

Tsono tiganizire malo amene mayiyo akuyankhulira. Mbali ya kummwera kwa phiri la Mulanje imalandira mvula yochuluka, n'chifukwa chake tiyi amachita bwino ku Lujeri ndi madera ozungulira. Mvula yogwa padenga la malata imapanga phokoso lofanana kwambiri ndi s wotalika. Ndi phokoso lamphamvu, ndipo limadumpha mzere wapakati mofulumira. Miyeso iwiri ija yonse imasokonezeka: wa mphamvu umaona ngati munthu akuyankhula kosalekeza, ndipo wa kudumpha mzere sungasiyanitse s wa mayi ndi s wa mvula. Makina ochenjera pang'ono amakweza okha mlingo phokoso likakula, koma akatero ndiye kuti mawu ofooka onse agwera pansi pa mlingowo. Onjezanipo chigayo, njinga zamoto za kabaza pa Chitakale ndi pa Limbuli, mkokomo wa mtsinje wa Ruo ukadzaza, achule ndi nkhululu madzulo, mupeza kuti chete amene mmisiri amayeserapo makina m'chipinda chake kuno n'ngosowa.

Tsoka ilo, nthawi imene mawu amafunika kwambiri ndi nthawi yomweyo imene phokoso limakula. Mu March 2023, namondwe wa Freddy adagwetsa mvula kwa masiku angapo, miyala ndi matope zidatsika m'mapiri, ndipo anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa m'chigawo cha kummwera. Mulanje ndi Phalombe adali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Akuluakulu a m'maderawa amakumbukiranso Napolo wa ku Phalombe wa mu 1991. Milatho ikakokoloka, chimene chimatsala ndi mawu pafoni kapena pawailesi ya m'manja, ndipo mawuwo amakhala aafupi: sakuoneka, sanawoloke, sali kuno. Mawailesi a m'manja otsekuka okha munthu akayankhula amadziwika ndi khalidwe lodula phatikizo loyamba. Ofunafuna anthu sayenera kulandira uthenga woti ali kuno pamene wotumiza wanena kuti sali kuno.

Pali chinanso chokhudza chikhalidwe. Kwathu kuno kutsitsa mawu ndi ulemu. Mkamwini pamaso pa apongozi ake sakweza mawu, mwana poyankha agogo ake sakuwa, ndipo pamaliro kapena pabwalo la mfumu munthu amayankhula modekha. Mayi wofunsa za matenda a kumaso m'nyumba ya chipinda chimodzi amanong'ona. Wodwala, wokalamba ndi wamantha onse mawu awo amakhala otsika. Mlingo umene mmisiri amaika m'kachipangizo ndi nambala chabe, koma nambalayo imasankha anthu. Ukakwera pang'ono, mnyamata wogulitsa nanazi pamsewu amveka bwinobwino, pamene nkhalamba yaulemu iwerengedwa ngati phokoso.

Chete amene amayankhula

Mulanje ndi kwawo kwa Alhomwe ambiri, amene makolo awo adachokera ku Mozambique, makamaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Akadaulo a ziyankhulo monga Alfred Matiki adalembapo za mmene Alhomwe ambiri adasiyira chiyankhulo chawo n'kumayankhula Chichewa. Gulu la Mulhako wa Alhomwe, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2007 ndipo likulu lake lili pa Chonde, lidadzutsa chidwi chofuna kuchitsitsimutsa. Koma odziwa bwino Chimihavani, Chikokhola kapena Chimanyawa ambiri ndi okalamba, ndipo nthawi yojambula mawu awo ndi ino. Zojambulira mawu zambiri zili ndi batani loti zizijambula pokhapokha munthu akamayankhula, n'cholinga chosunga malo ndi batire. Wophunzira amene ayatsa batani limeneli pokacheza ndi agogo amabwerako ndi nkhani yodukaduka, yosowa mitu ya mawu, ndipo agogowo mwina sadzapezekanso kuti abwereze.

Chotayika china ndi chete weniweniyo. Wokamba nthano akati padangotero, omvera amayankha kuti tili tonse, ndipo yankholi limachokera kutali ndi maikolofoni. Wokambayo amaima dala kalulu asanayankhe mfumu, kuti ana agwire mpweya. Nkhoswe ikafunsidwa funso lolemera imayamba yakhala chete, ndipo kutalika kwa cheteyo ndi gawo la yankho. Chiyankhulo chathu chili ndi mivekero yosiyanitsa mitundu ya chete: zii, duu, phee. Kwa mmisiri zonsezi ndi mpata wopanda kanthu woyenera kuufufuta. Kwa wophunzira zolembalemba ndi mbali ya luso la wokamba.

Kutalika kwa chete kumakhudzanso makina oyankha okha, chifukwa amayenera kudziwa nthawi imene munthu wamaliza kuyankhula. Mu 2009, Tanya Stivers ndi anzake adafalitsa kafukufuku wa ziyankhulo khumi wokhudza mpata wa pakati pa funso ndi yankho. Adapeza kuti anthu onse amayesetsa kuyankha msanga, koma ziyankhulo zimasiyana: oyankhula Chijapani ankayankha nthawi yomweyo, pamene a ku Denmark ankatenga pafupifupi theka la sekondi. Mwa ziyankhulo khumizo, cha mu Africa chidali chimodzi chokha, cha ku Namibia, ndipo sichidali cha gulu la Bantu. Makina oyezedwa pa liwiro la anthu ena adzalowerera agogo ali m'kati mosankha mawu, ndipo kwathu kuno kudula wamkulu pakamwa ndi chipongwe.

Zimene otsutsa anganene

Mfundo yoyamba yotsutsa ndi yakuti khutu la munthu n'lochenjera. Chichewa ndi chiyankhulo chodalira kukwera ndi kutsika kwa liwu, monga tikudziwira pa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, ndipo mneni wokana amasiyana kamvekedwe ndi mneni wovomera. Choncho s akadulidwa, kamvekedwe kamasiyabe chizindikiro. Izi n'zoona, ndipo akadaulo monga Al Mtenje adafotokoza bwino za kamvekedwe ka aneni a Chichewa. Komanso mawu ena amadziteteza okha: sanabwere akadulidwa sakhala anabwera, chifukwa lembo lomaliza n'losiyana. Koma chizindikiro cha kamvekedwe n'chaching'ono, ndipo womvetsera wotopa, pakati pa phokoso, amagwira chimene akuyembekezera kumva. Munthu amathanso kufunsa kuti, "Mwati bwanji?" koma amafunsa pokhapokha wamva zoduka. Akamva chiganizo chathunthu alibe chifukwa chofunsira.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti mafoni amakono sadula mawu chonchi, ndipo makina ophunzira okha adzathetsa vutoli. N'zoona kuti mlonda wa m'foni ndi wochenjera kuposa wa pa Arduino, ndipo nthawi zambiri amangodula kanthawi kosamveka n'komwe. Nkhawa yanga yaikulu ili pa zipangizo zotsika mtengo ndi zimene achinyamata athu azipanga okha. Za makina ophunzira okha, tiyenera kufunsa kuti aphunzira kwa yani. Mu 2023 kampani ya Meta idalengeza makina omva ziyankhulo zoposa 1,100, ndipo mawu ambiri owaphunzitsira adachokera kwa anthu owerenga Chipangano Chatsopano. Ntchitoyo ndi yotamandika, koma wowerenga Baibulo m'chipinda chojambulira amatchula lembo lililonse momveka, sanong'ona, ndipo pamwamba pake sipagwa mvula. Chaka chomwecho akatswiri a ku University of Zambia adatulutsa Zambezi Voice, nkhokwe ya mawu ojambulidwa a ziyankhulo za ku Zambia kuphatikizapo Chinyanja. Anzathuwo adationetsa kuti ntchito yotere ingathe kugwiridwa konkuno.

Mfundo yachitatu ndi ya mtengo. Mankhwala a vuto lodula chiyambi amadziwika: kachipangizo kazisunga nthawi zonse mawu a kanthawi kochepa kapitako, kuti chipata chikatsekuka kayambe katumiza zosungidwazo. Koma kusunga kumafuna malo. Kachipangizo ka pa Arduino Uno kali ndi malo a mabayiti 2,048 okha. Ngati muyeso uliwonse utenga bayiti imodzi, ndipo miyeso ndi 8,000 pasekondi, malo onsewo adzaza m'gawo limodzi mwa magawo anayi a sekondi, osasiya pogwirira ntchito zina. Mmisiri angayesedwe kungosiya kusungako. Yankho langa ndi lakuti pali tizipangizo tina totsika mtengo, monga ESP32, tokhala ndi malo ochuluka kuposa maulendo 250. Mmisiri adzasankha koyenera ngati wina wamuuza kuti gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi pa Chichewa ndi kusiyana kwa inde ndi ayi.

Mfundo yachinayi ndi yolemera kuposa zonse. Kachipangizo kosunga mawu munthu asanayambe kuyankhula ndi kachipangizo komvetsera nthawi zonse. Amalawi amene adakhalako chisanafike chaka cha 1994 amadziwa kuopsa kwa khutu losaoneka, ndipo ali ndi chifukwa chokayikira. Komabe, kumvetsera kwa mlonda n'kosiyana ndi kujambula. Mawu osungidwawo amafufutidwa ndi atsopano sekondi isanathe, ndipo sayenera kutuluka m'kachipangizoka chipata chisanatsekuke. Malawi adakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makina mu 2024. Chofunika n'chakuti wogwiritsa ntchito chipangizo auzidwe m'chiyankhulo chake zimene chikumva, zimene chikusunga ndi kumene chikutumiza. Kulemba chenjezo lotero m'Chichewa chomveka ndi ntchito yathunso.

Ntchito ya ophunzira ziyankhulo

Mutu umodzi susenza denga. Ku Malawi University of Science and Technology ku Thyolo, pafupi ndi Mulanje pomwepa, komanso ku Malawi University of Business and Applied Sciences ku Blantyre, kuli achinyamata odziwa kulumikiza nthambo ndi kulemba malangizo a tizipangizoti. Chimene iwo sangachipeze m'mabuku a zamagetsi ndi mndandanda wa malo amene Chichewa chimasunga tanthauzo. Ife tingawakonzere mndandanda wa mawu awiriawiri osiyana ndi liwu limodzi: akudya ndi sakudya, ukubwera ndi sukubwera, apita ndi apite, pala ndi phala, kula ndi khula. Mawuwa tiwajambule kwa abambo, amayi, ana ndi okalamba, atavomereza okha, ena pansi pa denga la malata mvula ikugwa, ena pansi pa denga la udzu, ena pamsika ndi pafupi ndi chigayo. Chipangizo chilichonse chopangidwira anthu athu chiyesedwe pa mawu ameneŵa, ndipo chosandutsa sakudya kukhala akudya chibwerere kwa mwiniwake.

Ntchito yotere siifuna ndalama zambiri. Gulu la ophunzira makumi awiri lingathe kuiyamba patchuthi chimodzi pogwiritsa ntchito mafoni amene ali nawo kale, bola aphunzitsi atawatsogolera pa kajambulidwe ndi kapemphedwe ka chilolezo. Centre for Language Studies ya ku Zomba, imene idalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996 ndipo idatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, ingakhale malo abwino osungirako nkhokweyi, pamodzi ndi ya Chilomwe, Chiyao, Chitumbuka ndi Chisena. Kwa zaka zambiri ntchito yosamala chiyankhulo yakhala ya kalembedwe: poika mpumiro, polumikiza ndi polekanitsa mawu. Tsopano pakufunikanso kuyeza kayankhulidwe, monga kutalika kwa s, kufooka kwa lembo lomaliza ndi kutalika kwa chete wa pakati pa funso ndi yankho.

Kwa amisiri, pempho langa lili pazinthu zitatu. Poyamba, sungani mawu a kanthawi kapitako, osachepera gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi, kuti chiyambi chisatayike. Kachiwiri, musafulumire kutseka chipata. Dikirani pang'ono mawu akatsika, kuti lembo lomaliza lidutse ndiponso kuti wokalamba amalize kuganiza. Kachitatu, pamene kachipangizo kakukayika, katsekule. Mlonda aliyense amalakwitsa m'njira ziwiri: kulowetsa phokoso poganiza kuti ndi munthu, kapena kutsekereza munthu poganiza kuti ndi phokoso. Kuchepetsa kulakwitsa kumodzi kumakulitsa kwinako, choncho mmisiri amasankha ndithu kolemera. Kulowetsa phokoso kumadya batire. Kutsekereza munthu, pa Chichewa, kumatha kutembenuza uthenga.

Pomaliza, ndikuona kuti maphunziro athu a kapangidwe ka maliwu ndi ka mawu, amene ena amawaona ngati ongolembera mayeso, ali ndi ntchito yooneka ndi maso. Tidaphunzira kuti si- amafupika akakumana ndi a-, ndipo tidalemba zimenezi m'makope. Mfundo yomweyo, ikaperekedwa kwa mmisiri pa nthawi yake, imasintha nambala ziwiri kapena zitatu m'malangizo a kachipangizo, ndipo nambalazo ndi zimene zidzaweruze ngati mawu a mayi wa ku Muloza afika monga adawanenera. Makina ameneŵa akubwera ndithu, kaya titengepo mbali kaya ayi. Ngati sitiwauza amisiri pamene chiyankhulo chathu chimasunga ayi wake, palibe wina amene adzawauze.